Kuchokera ku Komboni Kufika pa Tsamba Loyamba: Mbiri ya Mau Otchulira Okondana Amuna Okhaokha ndi Akazi Okhaokha m'Nyuzipepala za ku Zimbabwe ndi ku Malaŵi

1. Mau oyamba

Tshabalala ndi dera lina la mzinda wa Bulawayo, ndipo lidagundizana ndi Sizinda, kumene kampani ya njanji idamangira antchito ake nyumba. Dzina lake limakumbutsa Fulatha Tshabalala, mai wake wa mfumu Lobengula, koma m'misewu yake muli mabanja ochuluka amene agogo ao adachokera ku Nyasaland, kuvuma kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete, kudzafuna ntchito ku njanji, ku mafakitale ndi ku migodi. Chicheŵa chikumvekabe kumeneko pa maliro, m'mapemphero, ndiponso gule akatuluka. Mdzukulu wa matchona wokulira m'deralo amakhala pakati pa ziyankhulo zitatu, ndipo nkhani ya amuna ogonana ndi amuna anzao ikatuluka m'nyuzipepala kapena pa wailesi, iye amaimva m'mau atatu: inkotshane m'Chindebele, ngochani m'Chishona, ndi mathanyula m'Chicheŵa.

Atsogoleri a ndale ndi a mipingo, pamodzi ndi akonzi ena a nyuzipepala, akhala akunena kaŵirikaŵiri kuti mchitidwewu ngwachilendo, wobwera ndi Azungu. Za chipembedzo ndi za chikhalidwe zili ndi mabwalo ake. Ife, monga ofufuza za ziyankhulo, tifuna kulondola mapazi a mau atatuŵa. Mfundo yathu ndi yakuti mauŵa adakhwimira m'makomboni a ku migodi zaka zoposa 100 zapitazo, adasenza katundu wa kumeneko, ndipo atolankhani ataŵatola adaŵaveka anthu amitundumitundu amene mauwo sadaŵapangire. Zotsatira zake zaoneka m'makhoti ndi m'ndende za maiko onse aŵiri.

2. Dziko la amuna okhaokha

Msonkho wa nyumba utakhazikika ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1890, amuna adayamba ulendo wa kumwera. Ena adatengedwa ndi bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, lokhazikitsidwa mu 1903, limene antchito adalitcha Chibaro, dzina limene Charles van Onselen adapatsa buku lake la mu 1976. Ena adapita ku Joni ndi Wenela, ndipo enanso adayenda okha pansi. Komiti imene boma la Nyasaland lidaika mu 1935 idaŵerengera kuti amuna okwana 120,000 adali kunja kwa dziko. Ulendowu udapitirira mpaka mu Epulo 1974, pamene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown nkupha Amalaŵi oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu ntchito za ku migodi ya ku South Africa kwa kanthaŵi.

Komboni ya ku mgodi adaimanga kuti muzikhala amuna opanda akazi ao. Chitupa ndi malamulo a m'tauni zidaonetsetsa kuti mkazi azitsala kumudzi. M'malo otere mudabuka mtundu wina wa ukwati. Mu 1907 boma la Transvaal lidatuma Henry Taberer ndi J. Glenn Leary kuti akafufuze za mchitidwewu m'migodi ya golide, ndipo mboni zao zidatchula anyamata otchedwa izinkotshane. Mmishonale Henri-Alexandre Junod adalembanso za bukhontxana pakati pa Atsonga a ku Mozambique. Pambuyo pake Dunbar Moodie ndi Vivienne Ndatshe, m'buku lao la mu 1994 lotchedwa Going for Gold, adasonkhanitsa umboni wa okalamba amene adaziona ndi maso. Onseŵa akugwirizana pa mfundo zazikulu. Mwamuna wamkulu, wokhazikika pa ntchito, ankatenga mnyamata wongofika kumene, namampatsa ndalama, zovala, bulangete ndi chitetezo. Mnyamatayo ankaphika, kuchapa, kutunga madzi ndi kugona naye, ndipo ankatchedwa mkazi wake. Ambiri ankasunga ndalamazo kuti akaloŵole nazo mkazi kwao. Ndevu zikamera, mnyamata uja ankasiya ukaziwo, ndipo mwina naye ankadzatenga wake.

Tione zinthu zitatu zimene mau a inkotshane adasenza kuchokera kumeneko. Choyamba, ukwatiwo udali wa kanthaŵi. Chachiŵiri, udali wa wamkulu ndi wamng'ono, wokhala nazo ndi wosoŵa, kotero kuti malire a kuvomera ndi kukakamizidwa sankaoneka bwino. Chachitatu, udatengera ukwati wa kumudzi m'zonse: padali mwamuna, padalinso mkazi. Liwu la Chishona lakuti ngochani ndi mbale wake wa inkotshane ndi bukhontxana, ndipo ulongo wa mauŵa ukutiloza njira imene antchito ankayenda.

Ku Southern Rhodesia nako nkhaniyi idafika m'makhoti msanga. Marc Epprecht, amene adasanthula mabuku a milandu osungidwa ku Harare nalemba buku la Hungochani mu 2004, adapeza milandu pafupifupi 300 ya amuna okhaokha pakati pa 1892 ndi 1923. Oimbidwa milanduyo adali Ashona, Andebele, Azungu, ndiponso obwera kuchokera kumpoto ndi kuvuma, a kwathu omwe. Liwu lathu lakuti mathanyula nalo lili ndi mnzake, matanyola, amene amamveka ku Botswana ndi ku South Africa. Ku Malaŵi liwuli lidakhala nthaŵi yaitali likumveka makamaka ponena za kundende, kumenenso ndi dziko la amuna okhaokha. Lipoti la Dorothy Jolofani ndi Joseph DeGabriele la mu 1999, lonena za Edzi m'ndende za ku Malaŵi, lidafotokoza za anyamata odzipereka kwa akaidi akuluakulu posinthana ndi chakudya ndi chofunda. Ndi chithunzi cha ku komboni chomwe chija.

3. Zaka za chete

Ngakhale mauŵa ankadziŵika pa moŵa ndi pa ntchito, sankasindikizidwa. Nyuzipepala ya The Chronicle, imene idayamba ku Bulawayo mu 1894, idali ya atsamunda ndi zofuna zao. Wailesi ya Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka, imene idafika m'nyumba zambiri kawailesi ka Saucepan katabwera mu 1949, inkaulutsa m'Chinyanja, Chindebele, Chishona ndi ziyankhulo zina, ndipo banja limene inkalimbikitsa lidali la bambo wa pa ntchito ndi mai wosamala pakhomo.

Ku Malaŵi, ufulu utabwera mu 1964, chete ameneyu adasanduka lamulo. Mu 1968, chaka chomwe Chicheŵa chidakwezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo. Mu 1973 lamulo la kavalidwe lidaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo amuna adaletsedwa kuŵeta tsitsi lalitali. Malamulo a kavalidweŵa adagwira ntchito mpaka ndale zitasintha mu 1993 ndi 1994. Tsono boma lidalongosola mwatsatanetsatane maonekedwe a mwamuna ndi a mkazi, koma za ndime 153 ndi 156 za malamulo a milandu, zimene atsamunda adatisiyira kuyambira mu 1930 ndipo zimaletsa kugonana kwa amuna okhaokha, wailesi ya MBC ndi nyuzipepala sizinkayankhulapo. Mbadwo wonse udakula osaŵerengapo nkhaniyi m'chiyankhulo chao, ndipo nchifukwa chake itatulukira idaoneka ngati yagwa kuchokera kumwamba.

Tisaganize kuti makolo athu sankadziŵa kuseŵera ndi malire a umuna ndi ukazi. Pa bwalo la gule, ku Dedza kapena ku Sizinda, Maliya amatuluka atavala nsalu ndi duku, akuyenda monyang'wa ngati namwali, ndipo amai amamuimbira mokondwa, chonsecho aliyense akudziŵa amene amaloledwa kuloŵa kudambwe. Izi sizikutiuza kanthu za kugonana. Zikungotikumbutsa kuti anthu athu ankatha kusiyanitsa chovala, udindo ndi thupi, pamene lamulo la 1973 lidazimanga mtolo umodzi.

4. Chaka cha 1995

Ku Zimbabwe chete adasweka ndi mkokomo. Bungwe la Gays and Lesbians of Zimbabwe, mwachidule GALZ, lokhazikitsidwa mu 1990, lidapempha malo pa chionetsero cha mabuku cha ku Harare cha mu 1995, chimene mutu wake udali wa ufulu wa anthu ndi chilungamo. Boma lidalamula kuti bungwelo lichotsedwe. Pa 11 Ogasiti chaka chomwecho, pa mwambo wokumbukira ngwazi za dzikolo, Pulezidenti Robert Mugabe adanena kuti anthu otere ngoipa kuposa agalu ndi nkhumba. Nyuzipepala za The Herald, The Sunday Mail ndi The Chronicle, zimene zidali m'manja mwa boma kuyambira mu 1981, zidanyamula uthengawo nkuufikitsa m'makomboni onse. Liwu la ngochani, limene kale lidali la ku migodi ndi kundende, lidasanduka chitonzo cha dziko lonse, ndipo andale adayamba kuponyerana pofuna kunyazitsa otsutsana nao.

Chodabwitsa nchakuti liwu limene ankanenera kuti mchitidwewu ngwa Azungu lidali la Chiafirika, lokhala ndi mbiri ya zaka pafupifupi 100.

Patangopita zaka ziŵiri, mlandu wa Canaan Banana udaonetsa poyera katundu amene liwulo lidasenza. Banana adali mbusa wa mpingo wa Methodist, wobadwira kufupi ndi Esigodini, ndipo adakhala Pulezidenti woyamba wa Zimbabwe kuyambira 1980 mpaka 1987. Mu 1997 wapolisi Jefta Dube, amene kale adali mlonda wake, poyankha mlandu wopha wapolisi mnzake adauza khoti kuti malemuyo adamunena kuti ndi mkazi wa Banana, ndiponso kuti Banana adamkakamiza kwa zaka zingapo. Mu 1998 khoti lidampeza Banana wolakwa pa milandu 11. Pakati pa nkhaniyi padali munthu wamphamvu wogwiririra antchito ake, koma m'mitu ya nkhani ndi m'nthabwala za m'mabasi kugwirirako kudamira, nkutsala liwu limodzi lomwe lija. Wogwiriridwa ndi wogwirira adatchedwa dzina limodzi, pamodzi ndi akuluakulu aŵiri okondana mwakufuna kwao amene sadalakwire munthu. Onaninso kuti chitonzo chimene chidaphetsa munthu chidali chakuti mwamuna wasanduka mkazi. Mu 2006 malamulo atsopano a milandu, m'ndime 73, adakulitsa mlanduwu kuti ukhudze kukhudzana kulikonse kwa amuna kumene kungaoneke konyansa.

5. Chinkhoswe cha ku Blantyre

Ku Malaŵi tsiku lofanana nalo lidafika pa 26 Disembala 2009, pamene Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga adachita chinkhoswe pa Mankhoma Lodge mu mzinda wa Blantyre. Nyuzipepala ya The Nation idaika nkhaniyo pa tsamba loyamba, ndipo pa 28 Disembala apolisi adaŵamanga. Pa 20 Meyi 2010 woŵeruza Nyakwawa Usiwa-Usiwa adaŵalamula kukakhala kundende zaka 14 akugwira ntchito yakalavula gaga. Pa 29 Meyi, mlembi wamkulu wa United Nations Ban Ki-moon ali m'dzikomo, Pulezidenti Bingu wa Mutharika adaŵakhululukira, ngakhale adanenetsa kuti adalakwira chikhalidwe, chipembedzo ndi malamulo a dziko.

Pano mpofunika kuti tiime pang'ono, pakuti nkhaniyi ikukhudza malamulo a chiyankhulo chathu. Chingerezi chimakakamiza wolemba kusankha mloŵam'malo wa mwamuna kapena wa mkazi pa chiganizo chilichonse. Chicheŵa sichitero. Iye ndi iye basi, ndipo mwamuna ndi mkazi ali m'gulu limodzi la maina. Munthu angathe kusimba za Tiwonge tsamba lonse osaulula kuti akumuona ngati ndani. Koma pamene mloŵam'malo watimasula, mneni watimanga. Mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa. Wina ali m'tsinde la mneni, wina ali mu msintho wochitidwa. Chishona nacho chili ndi kuroora ndi kuroorwa, ndipo m'Chindebele mwamuna amachita ukuthatha pamene mkazi amachita ukwenda. Motero womva nkhani ya chinkhoswecho m'Chicheŵa sakadalephera kufunsa kuti wokwatira ndani, wokwatiwa ndani. Atolankhani adathaŵira ku msintho wochitirana, nalemba za amuna okwatirana okhaokha, mau aatali koma aulemu, amene akhala akupikisana ndi mathanyula kuyambira pamenepo.

Komabe mau onse aŵiriŵa adaphonya. Tiwonge, wochokera ku Thyolo, amene anansi ake ankamutcha Anti Tiwo, ankavala chitenje, ankagwira ntchito zimene kwathu timati nzachikazi, ndipo iye mwini adanena mobwerezabwereza kuti ndi mkazi. Iye sadachite chinkhoswe ngati mwamuna wofuna mwamuna mnzake. Adatsata mwambo monga mkazi aliyense wofuna kuti ukwati wake udziŵike kwa anthu. Nyuzipepala za ku Malaŵi zidamuika m'thumba la mathanyula, ndipo za ku London ndi New York zidamuika m'thumba la amuna aŵiri omenyera ufulu wokwatirana. Onyoza ndi oikira kumbuyo adagwirizana pa chinthu chimodzi: sadamve zimene mwini wake ankanena. Atatuluka m'ndende adasamukira ku Cape Town ngati wothaŵa kwao, ndipo Mark Gevisser adalemba mbiri yake m'buku la The Pink Line mu 2020.

6. Mlandu wa ku Bulawayo

Nkhani yonga yomweyi idachitika pafupi ndi Tshabalala penipeni. Mu Januwale 2014 Ricky Nathanson, amene adabadwa ndi thupi lachimuna koma amakhala monga mkazi, adamangidwa pa hotela ya Palace mu mzinda wa Bulawayo chifukwa choloŵa m'chimbudzi cha akazi. Apolisi adamsunga masiku aŵiri, adamvula, ndipo adapita naye kuchipatala kuti madokotala akanene ngati ali mwamuna kapena mkazi. Nkhaniyo idafala ngati ya mwamuna woloŵerera malo a amai. Khoti laling'ono lidapeza kuti palibe mlandu. Nathanson adasumira apolisi, ndipo mu Novembala 2019 woŵeruza Francis Bere, m'khoti lalikulu la ku Bulawayo, adagamula kuti adamangidwa mosatsata lamulo ndi kuti apepesedwe ndi madola a Zimbabwe okwana 400,000. Woŵeruzayo adanena kuti anthu onga iye ndi nzika za dzikolo, ndipo ufulu wao uyenera kulemekezedwa monga wa nzika ina iliyonse.

Pofotokoza chigamulochi m'Chindebele, m'Chishona kapena m'Chicheŵa, mtolankhani alibe liwu lalifupi lotchulira munthu wotere. Akanena kuti ngochani kapena wamathanyula, ndiye kuti wabwezera mlandu pamene khoti lauchotsa. Vutoli silachilendo kwa ife a Chicheŵa cha ku Zimbabwe, pakuti malamulo oyendetsera dzikolo a mu 2013 adaika Chicheŵa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo wailesi ya National FM imaulutsa m'chiyankhulo chathu. Malamulo omwewo, m'ndime 78, amaletsa ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Woulutsa mau ayenera kumasulira zonse ziŵiri, choletsacho ndi chigamulo cha Bere, ndipo womvera wa ku Tshabalala ayenera kumva kuti ndi nkhani ziŵiri zosiyana.

7. Akazi opanda dzina

Popeza m'komboni mudalibe akazi, mau ochokera kumeneko alibe malo ao. Mathanyula satchula akazi okondana okhaokha, ndipo atolankhani a Chicheŵa amangolumikiza mau ofotokoza kapena kubwereka liwu la Chingerezi. Ndime 73 ya ku Zimbabwe imanena za amuna okha. Ku Malaŵi nako lamulo la atsamunda la m'ndime 156 linkanena za amuna, mpaka Nyumba ya Malamulo idaonjeza ndime 137A mu Disembala 2010, imene Mutharika adasainira mu Januwale 2011, yopereka chilango cha zaka 5 kwa akazi. Lamulolo lidabwera patangopita miyezi yochepa chichitikire mlandu wa chinkhoswe uja.

Kusoŵa dzina sikudaŵateteze. Tsitsi Tiripano, mai amene adathandiza pa malo a GALZ pa chionetsero cha mabuku cha mu 1996, chithunzi chake chitatuluka m'nyuzipepala adazunzidwa kwao ku Marondera. Ndipo mu Januwale 2012, zaka zambiri lamulo la kavalidwe litafafanizidwa, mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre adavula amai ovala mathalauzi pamsewu. Amai amenewo sankaimbidwa mlandu wa kugonana ndi akazi anzao. Tchimo lao lidali kudumpha malire a maonekedwe a mkazi, malire omwe aja amene Tiwonge ndi Nathanson adadumpha kuchokera tsidya lina.

8. Mau otsiriza

Nkhaniyi sidathe. Mu Julayi 2023 atsogoleri a zipembedzo adatsogolera zionetsero m'mizinda ya ku Malaŵi, ndipo pa 28 Juni 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, pa mlandu wa Jan Willem Akster ndi Jana Gonani, lidagamula kuti ndime zoletsazo zikhalebe. Olemba nao ayesa kujambula anthuŵa monga anthu: Tendai Huchu mu The Hairdresser of Harare ya mu 2010, Stanley Kenani m'nthano ya Love on Trial imene idafika m'ndime yotsiriza ya mpikisano wa Caine mu 2012, ndi buku la Queer Malawi la mu 2010, mmene eni ake adadzisimbira okha. Koma zonsezi zili m'Chingerezi. Woŵerenga Chicheŵa chokha watsala ndi liwu la kundende.

Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Ife tikupempha bungwe lino zinthu ziŵiri. Choyamba, opanga mabuku otanthauzira mau, pamodzi ndi a Centre for Language Studies ku Zomba amene adaloŵa m'malo mwa Chicheŵa Board mu 1996, akhale pansi ndi akonzi a nyuzipepala ndi a wailesi kuti asiyanitse zinthu zitatu zimene liwu limodzi lazivundikira: kugwirira kapena kugula mnyamata wosoŵa, kukondana kwa akuluakulu aŵiri, ndi moyo wa munthu amene amadziona kuti ndi mkazi kapena mwamuna mosiyana ndi thupi limene adabadwa nalo. Amene amadana ndi zonse zitatu ndi amene amaikira kumbuyo zina mwa izo adzapindula mofanana, popeza adzadziŵa chimene akutsutsana. Chachiŵiri, okalamba amene adagonapo m'makomboni a ku Wankie, ku Shabani ndi ku Joni atsala ochepa, ndipo ena mwa iwo ali ku Tshabalala ndi ku Sizinda. Iwo ndiwo akudziŵa mmene mauŵa ankatchulidwira, amene ankaŵanena, ndi amene ankanenedwa. Tiyenera kupita kukaŵafunsa mwaulemu ndi kulemba mayankho ao m'Chicheŵa chao chomwe, iwo akadali moyo.